Amalume Yotamu ndi Mankhwala a Munthu Mmodzi

Mwezi wathawu tinavundukula chiliza cha amalume Yotamu, patatha chaka chiwaikireni m'manda. Tisanagule mwalawo panali kamkangano pabanja. Wosema miyala uja wa kuseri kwa msika anafunsa kuti, "Nanga pansi pa dzinali tilembepo kuti anali yani? Aphunzitsi? Abusa?" Abale ena anati tilembe kuti dokotala. Ine ndinakana, poti eni ake dzina limenelo ankalikana ali moyo. Tinayang'ana kwa amayi, amene ndiwo mlongo wake wa malemuyo, kuti atiweruze. Amayi anangoti, "Lembani dzina basi." Pamwalapo pali dzina lokha.

Udokotala anali nawo ndithu, koma wa m'mabuku, osati wa jakisoni. Anali katswiri wa kemisitiri, wa gulu lija limene limapanga mankhwala atsopano. Anachoka kuno ali mnyamata, dziko lisanalandire ufulu, atapambana mayeso pasukulu ya mishoni kumene agogo ankaphunzitsa. Anakakhala kutsidya kwa nyanja zaka zoposa makumi atatu. Ife ana a mlongo wawo tinkangowadziwira pachithunzi cha pakhoma, atavala chijasi choyera. Anabwerera chaka cha chilala chija tinadya ufa wachikasu, mkazi wawo wa kumeneko atamwalira, mwana alibe. Mbiri itamveka kuti kwa a Phiri kwabwera dokotala wochokera kunja, azimayi ankalawirira pakhomo pawo ndi ana kumbuyo. Amalume ankatuluka, kuwapatsa moni mmodzimmodzi, kenaka n'kuwauza kuti iwo sanabayepo munthu jakisoni chibadwire, apite kuchipatala. Azimayiwo ankachoka akung'ung'udza kuti, "Dokotala wanji wosagwira ngakhale pamphumi pa mwana?"

Anatsikira ku Lilongwe n'kulowera kuno ku Chipata kudzera pachipata cha malire cha Mwami. Katundu wawo sanali wambiri, koma panali chibokosi chimodzi chimene sankalola kuti munthu achinyamule chozondotsa. Munali kompyuta. Masiku amenewo ambiri a ife tinali tisanaionepo, ndipo pachipata paja anthu anaunjikana n'kumatsutsana ngati ili wailesi ya kanema kapena makina otayipira. Amene anawathandiza kuti katunduyo adutse anali alamu anga a Zulu, amuna awo a asisi Estere, mkulu wanga. A Zulu ankagwira ntchito yolembera madalaivala a malole mapepala a katundu pamalire pomwepo. Anali munthu wa nthabwala, woti sangadutse gulu la anthu osalisiya likuseka. Tsiku limenelo anayenda pamwamba pa vani njira yonse mpaka m'tauni atakumbatira chibokosicho, ndipo pofika anati, "Apongozi, mwana wanu wafika bwino, sanalire m'njira." Aka kanali koyamba kuona amalume akuseka.

Sankaseka kawirikawiri. Anali munthu wamtali, wowerama pang'ono, wolankhula Chinyanja chakale cha m'Baibulo, chimene achinyamata a m'tauni ankachiseka akatembenuka. Manja awo sankakhala chete. Mukawapatsa mtedza wosasenda, ankayamba aung'amba bwinobwino n'kumayang'ana m'mene njere yagonera m'khoko mwake, kuichotsa, kuibwezeramo chozondoka, kuona kuti siikwananso. Tiyi ankazizira akuchita zimenezo. Akalowa m'nyumba ya munthu, maso awo ankathamangira pawindo kapena pamwamba pa kabati, pamene anthu amaika timabotolo ta mapiritsi, ndipo ankatitenga osapempha n'kumawerenga zolembedwapo. Akapeza otsala ankafunsa mwini nyumba kuti anawasiyiranji. Chifukwa cha ichi, anthu ena akawaona akubwera ankathamanga kukabisa mankhwala pansi pa matiresi.

Ntchito yawo ndinaimvetsa tsiku lina atabwera kushopu kwanga kudzafupikitsa buluku. Ine ndine telala, ndimasokera pakhonde la sitolo ina kumsewu wa kumsika. Ndinawafunsa mosapsatira kuti kodi munthu angapange bwanji mankhwala ndi makina opanda botolo ngakhale limodzi.

"Iwe Lute," anatero, "ukafuna kusoka diresi la mkwatibwi, umayamba ndi kudula nsalu?"

"Ayi, amalume. Ndimayamba ndadula pa nyuzipepala."

"Chifukwa chiyani?"

"Nsalu ndi yodula. Papepala ukalakwitsa umangotaya."

"Basi, ntchito yanga ndi imeneyo."

Kenaka anatenga sizasi yanga n'kuikanula. Anati tizirombo ta matenda tilinso ndi zida zake zogwirira ntchito, zazing'ono zosaoneka ndi maso, ndipo kachirombo kamene kanali katayamba kutha anthu masiku amenewo kali ndi kasizasi kake. Kamadula nako nsalu yosokera ana ake. Anatola batani patebulo n'kulilowetsa pakati pa mipeni iwiri ya sizasiyo, pafupi ndi msomali. "Dula," anatero. Ndinayesa, sizasi inakana kutsekeka. Anati mankhwala ndi batani limenelo. Likachepa limagwa, likakula sililowa. Kale akatswiri ankasakaniza mankhwala ambirimbiri m'mabotolo n'kumayesa limodzilimodzi, zaka n'kumatha, odwala akudikira. Iwo ndi anzawo anaphunzitsa kompyuta kujambula kampata kaja ndi kuyesamo mabatani osiyanasiyana, kuwatembenuza uku ndi uku, kuti a m'labotale asakanize okhawo amene aoneka kuti akwana.

Chimene iwo anawonjezapo pa luso limeneli ndinadzachimva pamaliro awo, kwa bambo wina amene amalume anamuphunzitsa ntchito kunjako. Anati anthu oyamba ankajambula kampatako ngati kouma gwa, ngati bowo la pathabwa. Amalume ndiwo anaumirira kuti kamasuntha, kamafutukuka ndi kufinyika, ndipo kuti makina aziwerengera zimenezo. Anzawo anawatsutsa kwa zaka, chifukwa njira yawo inkachedwetsa makina. Pambuyo pake inapezeka kuti ndi imene imalozera bwino, ndipo magulu ena anaitengera. Eni ake zimenezi sanatiuzepo. Tikawafunsa ankangoti anali mmodzi mwa anthu ambiri osenza mtengo umodzi.

Kumsika ankawadziwa ngati mdala wovuta. Kunali anyamata ogulitsa makapusozi ofiira ndi akuda, oyalika padzuwa pambali pa mchere ndi sopo, munthu n'kugula awiri kapena atatu malinga ndi m'thumba mwake. Amalume ankaima pamenepo n'kumaletsa ogula. Tsiku lina anatsala pang'ono kumenyedwa, anawalanditsa ndi azimayi a tomato. Mawu awo anali amodzimodzi kulikonse: ankati mankhwala omwa theka ndi sukulu ya matenda, chifukwa kachirombo kamene sikanafe kamatuluka kataphunzira, ndipo mawa ukakapatsa mankhwala omwewo kamangowaseka. Ankanena zimenezi paukwati, pamaliro, ngakhale m'minibasi kwa anthu osawadziwa.

Ndi amayi sankamvana. Nkhani yake inali yakale. Agogo aakazi atadwala, amayi anatumiza uthenga kunjako, amalume n'kuyankha kuti ntchito yafika povuta kuisiya, abwera ikangotha. Agogo anaikidwa iwo kulibe. Kwathu kuno malume ndiye mwini mbumba. Ndiye amaima pa ukwati wa ana a mlongo wake, ndiye amalankhula pamaliro. Zonsezo amayi anazisenza okha, bambo athu atamwalira ife tili aang'ono. Ndiye amalume atabwera n'kuyamba kufunsa za mapiritsi a pawindo, amayi anawauza kuti, "Achimwene, ana awa ndawalera ndi mankhwala atheka omwewo. Inu munali kuti ndi athunthuwo?" Amalume anangoyang'ana zikhatho zawo. Ndi m'mene ankachitira akawanena za agogo.

Atabwerera sanapume. Anagula kanyumba kumtunda, kufupi ndi phiri, kumene magetsi ankafika, ndipo kompyuta ija inkalira kuyambira m'mawa. Ankafufuza mankhwala a kaodzera, matenda a ntchentche za kuchigwa. Anandiuza kuti ali kunja anayambapo ntchito imeneyo, koma akuluakulu a kampani anaiimitsa poti odwala kaodzera ndi anthu osauka, sangagule. Iwo anangovomera n'kutembenukira ku mankhwala ena. Anati anali ndi pakamwa koma sanatsutse, ankaopa kutaya labotale yawo. Magetsi akazima, monga ankachitira nthawi ya mvula, ankatuluka panja n'kumazungulira nyumba manja ali kumbuyo, kudikira.

Anthu amene anawadziwa zaka ziwiri zomaliza zokha amakumbukira munthu wina. Amakumbukira mdala wokhala pabenchi ya kumbuyo m'tchalitchi, pafupi ndi chitseko, amene tsiku la mgonero ankatuluka mbale isanafike pamzera wake. Poyamba sizinali choncho. Atangobwera akulu a mpingo anawaika kutsogolo, ndipo ankawerenga mawu pa guwa. Anasamukira kumbuyo okha, popanda wowadula, asisi Estere ataikidwa m'manda.

Asisi anali aphunzitsi pasukulu ya pulayimale ku Kasenengwa. A Zulu ankabwera kumeneko Loweruka lililonse kuchokera ku Mwami, atanyamula shuga ndi nsalu za ku Malawi. Anali ndi ana awiri. Woyamba kudwala anali a Zulu: chifuwa chosatha, kutsegula m'mimba, kolala ya shati n'kuyamba kukula. Kenaka asisi. Madiresi awo ndinkasoka ndine, ndipo ulendo uliwonse akabwera m'tauni ankandipatsa kuti ndiwachepetse m'chiuno. Dzina la matendawo palibe ankalitchula. Tinkangoti matenda a masiku ano. Amalume okha ndiwo analitchula, ndipo anawatengera onse awiri kuchipatala cha mishoni kukayezetsa magazi.

Nthawi imeneyo, chapakati pa zaka za m'ma 1990, kunjako kunali kutatuluka mankhwala atsopano, omwa mitundu itatu pamodzi. Mtundu umodzi unali wa mabatani aja otseka kasizasi, opangidwa ndi luso lomwe amalume anathera moyo wawo akulinola. Kumeneko anthu amene anali atagona ankadzuka. Kuno tinkangomva pa wailesi, chifukwa mtengo wake unali woti ngakhale nduna ikanaganiza kawiri. Amalume anayamba kupita ku positi kukaimba telefoni kunja, tsiku ndi tsiku. Anapeza mnzawo wakale amene anavomera kumawagulira ndi kumatumiza kudzera mwa anthu a mishoni obwera kuno. Penshoni yawo yonse anailozetsa kumeneko.

Lamlungu lina titaweruka kutchalitchi anaitanitsa asisi ndi a Zulu kunyumba kwawo. Ine ndinawaperekeza, poti asisi sankatha kukwera chitunda okha. Tinakhala pakhonde.

"Ndapeza mankhwala," anatero amalume. "Sachiza, koma amagoneka kachiromboko munthu n'kudzuka, n'kugwira ntchito. Koma ndikuuzeni zoona. Mphamvu zanga zakwanira munthu mmodzi."

Anawayang'ana onse awiri n'kupitiriza.

"Ndipo sagawana. Mukagawana, nonse mumwa theka, ndipo sathandiza aliyense."

A Zulu anavula kapu yawo n'kumaizunguza pabondo. Kenaka anamwetulira, m'kamwa muli zilonda. "Apongozi, apa palibe mlandu. Ana amafuna mayi wawo. Ine ngakhale phala sindidziwa kuphika."

Asisi anangoyang'ana kuphiri.

Patapita nthawi yaitali amalume anandiuza kuti tsiku limenelo anali atasankha kale. Anasankha magazi awo, mwana wa mlongo wawo. A Zulu anawaitana kuti mawuwo atuluke pakamwa pa a Zulu eni ake, iwo asawanene. Anati pa zonse zimene anachita, chimenechi ndicho chinkawachititsa manyazi kwambiri.

Asisi anasamukira kwa amalume, a Zulu n'kukagona ku Kasenengwa kumene amayi awo anabwera kudzawasamala pamodzi ndi ana. Mankhwalawo anali ndi malamulo ake. Amodzi ankamwedwa m'mimba mulibe kanthu, pa nthawi yake yeniyeni, ndipo munthu ankayenera kumwa madzi ambiri tsiku lonse kuti impso zisavulale. Amalume anaimika ntchito ya kaodzera n'kusanduka namwino, wotchi ili m'manja. Ndipo zinatheka. Nyengo yozizira isanathe asisi anayamba kudya, zilonda zinauma, tsitsi linayamba kuda. Madiresi aja ndinachepetsa anabwera nawonso kuti ndiwamasule. Ndinamasula ulusi ndikulira. Amayi anagwira tambala n'kukwera naye chitunda chija, ndipo atafika anagwada pakhomo nati, "Achimwene, zikomo." Amalume anasowa pogwira, anangolandira tambalayo n'kuima naye chiimire.

Sukulu zitatsegulira asisi anati abwerera kuntchito. Amalume anakana, koma asisi anali a kwa Phiri nawonso, ouma mutu ngati amalume awo. Anagwirizana kuti amalume azipititsa mankhwala okha mwezi ukatha.

Ulendo wachiwiri ndinapita nawo. Tinakwera lole ya ogula thonje n'kutsikira pasukulu dzuwa lisanatenthe. Tinapeza a Zulu atakhala panja pampando, akukonzera mwana galimoto ya mawaya. Ndinakondwa, chifukwa ulendo womaliza ndinawasiya osatha kudzuka pamphasa. Amayi awo anatibweretsera tiyi ndi mbatata. A Zulu anakankhira mbale yawo pambali, anasuzumira pa wotchi, nati adya bwino lino. Pafupi ndi phazi lawo panali jagi ya madzi, ndipo ankangomwa pang'onopang'ono. Ine sindinaone chachilendo. Koma amalume anaika kapu pansi.

Asisi atatuluka m'kalasi pa nthawi yopuma, choko chili m'manja, amalume anaimirira.

"Estere, wayamba liti kumugawira?"

Asisi sanakane. "Sabata yomwe ndinabwerera."

"Ndinakuuza chiyani pakhonde paja?"

"Munandiuza, amalume, ndinamva. Koma inu simugona m'nyumba muno. Mumafuna ndizimeza ine, bambo a ana anga akutsokomola pamphasa yomweyo? Mmero wake uti?"

A Zulu anayesa kulowererapo. "Apongozi, ine ndinakana, koma mwana wanuyu..."

Amalume sanawayang'ane n'komwe. Ndinali ndisanawamvepo akukweza mawu, koma tsiku limenelo ana a sukulu anasuzumira m'mawindo. "Wadzipha wekha, ndipo wamupha nayenso! Kachiromboko mwakalowetsa sukulu nonse awiri!" Mabotolo amene anali atawatulutsa kale anawabwezera m'chikwama. "Ukawafuna ubwere ku Chipata, uzidzamwera pamaso panga."

"Ndibwera ndi amuna anga."

"Wekha."

"Ndiye pitani nawoni, amalume."

Anapita nawo. M'njira ndinawachonderera mpaka mawu anandithera. Anati ndisadandaule, mankhwala otsala kwa asisi aja akatha, mantha amubweretsa, sipatha masiku. Ankakhulupirira kuti akupulumutsa mmodzi, m'malo motaya onse. Koma asisi sanabwere. Sabata inatha, ina inatha, inanso. M'mawa uliwonse amalume ankatsikira pamene malole a ku Kasenengwa amaima, kuyang'ana otsika, n'kubwerera okha. Ine ndinapita kwa asisi, anandiuza kuti munthu amene analumbira naye pa guwa sangamusiye chifukwa cha botolo. Ndinapita kwa amalume, anati akagonja lero ndiye kuti asainira maliro awiri.

Anathetsa nkhaniyo ndi amayi. Anakwera chitunda, osagogoda, n'kuima pakhomo pa chipinda cha kompyuta. "Achimwene, maliro a mayi wanu munawaphonya. A mwana uyu ndiye mukufuna mudzakhale kutsogolo?" Tsiku lomwelo amalume anakwera lole.

Anakapereka mabotolo aja nati amwe onse awiri, aliyense mlingo wathunthu, za mawa aziona iwo. Anagulitsa mabuku ndi munda umene agogo anawasiyira. Ku positi anachita kudziwika ndi dzina. Mankhwala a munthu wachiwiri ankabwera, koma modumphadumpha, mwezi uno afika, mwezi wamawa wonyamula wasintha ulendo. Ndipo sanagwirenso ngati poyamba. A Zulu anamwalira mvula yoyamba itagwa. Asisi anafika nthawi yokolola chimanga. Masiku awo omaliza amalume ankakhala pampando pafupi ndi bedi m'chipatala. Asisi ndiwo anawagwira dzanja n'kunena kuti, "Amalume, ana aja masamu amawavuta. Muziwathandiza." Za mabotolo sanatchule.

Dokotala wa pachipatalapo, munthu wachifundo, anawauza amalume kuti asadzipweteke mtima. Anati palibe angadziwe, mwina kugawana kuja kunali kutawononga kale, mwinanso mankhwala sakanafika mokwanira ngakhale zikanayenda bwanji. Munthu wamba akanatonthozeka. Koma amalume ankadziwa zambiri kuposa wowatonthozayo. Tsiku lina ndinawapititsira ndiwo ndipo anandiitanira pa kompyuta. Pagalasi panali chinthu chamizeremizere chikuzungulira pang'onopang'ono, pakati pake pali kadontho kofiira. Anadina penapake, chinthucho chinasintha pang'ono pokha, kadontho kaja n'kutayikira pambali. Anati umu ndi m'mene kachirombo kophunzira kamakhalira. Anati mwina kanayamba kuphunzira pa kugawana kuja, sakukana. Koma masabata amene mabotolo anali m'kabati mwawo, kachirombo kophunzirako kanapeza bwalo lopanda mlonda n'kuswana m'mene kanafunira. "Zimenezi ndinkazidziwa ndikukwera lole ija ndi mabotolo m'chikwama, Lute. Ndinkazidziwa kuposa munthu aliyense m'chigawo chino." Ndinasiya ndiwo patebulo n'kutuluka.

Anapitanso kumudzi kwa a Zulu, kwa Angoni, okha. Anakakhala pansi pabwalo, osalola mpando, n'kuuza amayi a malemuyo kuti mwana wawo anamusiya dala, anasankha wawo. Gogoyo anawamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati, "Ayi, bambo. Mwana wanga anandiuza kuti anasankha yekha. Musamulande zimenezo." Anawaphikira nkhuku n'kuwaperekeza mpaka pamsewu. Amalume anabwerako atalemedwa kuposa m'mene anapitira. Ndikuganiza kuti ankafuna wina awakalipire.

Kumsika analeka kukangana ndi anyamata a makapusozi. M'nyumba za anthu analeka kugwira timabotolo. Ana a asisi, amene tsopano amakhala ndi amayi, ankapita kwa iwo Loweruka kukaphunzira masamu, ndipo ankawaphunzitsa moleza mtima, kubwereza kakhumi osatopa. Ntchito ya kaodzera anaiyambiranso, koma sankaikambanso.

Amayi sanakwerenso chitunda chija. Akakumana kutchalitchi ankapatsana moni wa anthu odziwana patali. Pabanja nkhaniyo inakhazikika yokha, popanda woikhazika: amalume anamana Estere mankhwala. Ndi m'mene inkakambidwira pamaliro ena, monong'ona. Za penshoni, za munda, za miyezi imene asisi anaimanso kutsogolo kwa kalasi, sizinkatchulidwa. Panali maliro ambiri zaka zimenezo, nyumba iliyonse, ndipo ambiri analibe woti n'kumuloza chala. Athu anali naye, ndipo mwini wake sankakana. Zinatipepukira tonse kuti zikhale choncho.

Anagwa m'mawa wina akuthirira mpiru kuseri kwa nyumba. Oyandikana nawo ndiwo anawapeza. Kuchipatala anati mtsempha wa m'mutu waphulika. Anagona masiku ochepa osalankhula, diso limodzi lokha likuyenda, kuyang'ana aliyense wolowa pakhomo. Amayi anafika tsiku limene anatsirizika, madzulo, atawaphimba kale nkhope. Kompyuta ndi ntchito ya kaodzera anazitenga bambo uja amalume anamuphunzitsa kunja, amene tsopano amaphunzitsa ku Lusaka. Anati aipitiriza ndi ophunzira ake.

Nyumba ija ilipobe, yotseka. Anthu abwera ambiri kudzafunsa lendi, aphunzitsi, anamwino, ngakhale mwenye wina wofuna kusungiramo katundu, koma amayi amakana. Makatani anayamba kuyera ndi dzuwa. Papaya wa pakona pa nyumba amabereka n'kumagwa yekha, mbalame n'kumadya. Mpopi wa panja unachita dzimbiri, ndipo mavu amanga pamwamba pa chitseko. Loweruka lililonse amayi amakwera chitunda ndi tsache, miyendo ikuwawawa, kukasesa bwalo lonse mpaka kumpanda. Kiyi ali nayo, amamanga pansonga ya chitenje, koma m'nyumba salowa. Akatha kusesa amakhala pa sitepe ya pakhomo kupumula.

Sabata yatha ndinawaperekeza. Titakhala pa sitepepo, anayankhula osandiyang'ana.

"Akanandifunsa ine tsiku lija kuti tipatse yani, ndikanatchula Estere. Ndipo pomva kuti akugawa, mabotolo aja ndikanalanda ndine."

"Munawauzapo, amayi?"

Anapukusa mutu. Anatola tsache lawo n'kuyamba kusesanso pamene anali atasesa kale.